Diso la M'bokosi Lakuda

Trieste, chipinda chapansi, Januwale 1991

Kumwambako mphepo ya bora ikumenya mazenera.
Kuno kulibe zenera,
kuli nyali yoyera, makina asanu ndi awiri ong'ung'udza,
ndi ine Nives, amene ndimakumbukiridwa
zinthu zikathina basi.

Tullio watsika masitepe awiriawiri,
chimbale m'manja ngati wanyamula mwana wodwala.
Akuti zaka zitatu zili m'menemu,
masamu onse a mafunde a padoko,
mitu isanu ndi umodzi ya buku lake la digiri,
ndipo kupereka ndi Lachisanu.
Walowetsa kanayi. Kanayi konse makina alavula.

Khala apo, ndikumuuza. Usagwire kanthu.

Tsiku limene makinawa anafika
tinawazungulira ngati anthu oona mkwatibwi.
Wogulitsa wa tayi yofiira anakweza chimbale m'mwamba,
utawaleza ukusewera pamenepo,
nati, ichi chimalembedwa ndi kuwala,
palibe singano yokanda, palibe chokhudza,
adzukulu anu adzawerenga.
Sanatiuze kuti bokosili limapuma.
Fani yakumbuyo imakoka mpweya
kudzera pakamwa pomwe chimbale chimalowera,
usiku ndi usana, miyezi khumi ndi inayi,
ndipo mpweya subwera wokha.
Umabwera ndi ubweya wa majuzi,
phulusa la ndudu za Pulofesa Visintin,
choko, nyenyeswa za buledi,
tsitsi langa lomwe.

Sikulu zinayi.
Ndaziponya m'kapu ya khofi kuti zisathawe.
Chivundikiro gwa, ndachinyengerera, chalola.
Diso lili apo,
kuchepa ngati njere ya mphodza,
lachita ng'ala.

Kuona maso a nkhono n'kudekha.
Thonje pakamtengo, dontho limodzi la sipiriti,
kupukuta kuyambira pakati, mozungulira,
osakanikiza,
nditagwira mpweya m'chifuwa
poti ngakhale mpweya wanga ndi nkhungu.
Thonje labwerako lotuwa.
Lachiwiri lotuwa pang'ono.
Tullio akudya chikhadabo, sindikumuyang'ana.

Tsopano kumvetsera.
Buku la malangizo lili ndi masamba mazana atatu
koma silinalembe mawu amenewa:
kho, kho, kenako kwiii,
ndiye kuti diso likufunafuna njira;
kho, kho, kho, zii,
ndiye kuti yamba kuganiza zomuuza munthu.

Kho.
Kho.
Kwiii.

Mayina a mafayilo akutuluka limodzilimodzi
ngati anthu otsika m'basi yomwe tinaiyesa yagwa.
Mutu woyamba, wachiwiri, wachitatu.
Wachisanu. Wachisanu ndi chimodzi.
Wachinayi dzina lilipo, koma ukagogoda
muli chete.
Makina abwerera pomwepo kakhumi, akulira,
ndawaletsa. Chilonda sachikanda.

Mwina tsiku limene ankalemba mutuwo
diso linali litayamba kale kuchita chidima,
linalemba mophonya, kenako n'kunena kuti zatheka.
Zotero ndinazionanso kwa anthu.

Uli ndi kope? ndikufunsa.
Lapensulo, akutero, lili kwa mayi ku Muggia,
pansi pa bedi, m'katoni ya nsapato.
Waseka kuseka kosatuluka bwino.
Pensulo ya malire mazana awiri.

Zotsalazo ndakopera pa tepi,
tepi yonyozeka ija ankati yatha ntchito.
Fani ndaitembenuza kuti izipumira kunja.
Sefa tinaitanitsa mu Okutobala, sinafike,
ndiye ndadula sokosi yanga yanayiloni
n'kumata ndi selotepi, poyera,
aliyense aone.

M'kaundula ndalemba:
makina achitatu, diso latsukidwa, mutu umodzi watayika.
Malo olemba chifukwa ndi ochepa,
ndangoikapo kuti fumbi.

Tullio wathamangira basi yomaliza.
Ndazimitsa nyali, ndayatsa tochi kufuna makiyi,
ndipo m'kuwala kwakeko ndaliona,
likuyandama pang'onopang'ono, losafulumira,
lonse kulowera mbali imodzi,
kumene makina asanu ndi amodzi otsalawo
akupumabe.